Kodi mumadziwa? Agogo a m'mapanga ndi nkhani ya khungu

Chithunzi chija tonse tinachionapo: chimunthu chaubweya thupi lonse, msana wopindika, chibonga paphewa, chikusuzumira pakhomo pa phanga. Chinali m'mabuku a kusukulu, chidakali m'makatuni a ana, ndipo kwa zaka zambiri anthu atsankho ankachiloza n'kumati ife akhungu lakuda ndiye abale ake enieni. Koma mafupa amene afukulidwa m'mapangamo ali ndi mbali yawo yoti anene.

Kodi mumadziwa kuti ambiri mwa "anthu a m'mapanga" sankagona m'mapanga? Mapanga abwino ndi owerengeka, ndipo ambiri eni ake analimo kale: afisi, akambuku, nungu ndi mileme. Anthu akale ankakonda pakhomo pa phanga pofika dzuwa, kapena kunsi kwa thanthwe lotchinga mvula, ndipo nthawi zambiri ankangomanga misasa m'mbali mwa mitsinje. Koma msasa wa mitengo ndi udzu suchedwa kutha. Chiswe chidya, mvula ikokolola, moto wolusa n'kudzamaliza. Phanga ndiye nkhokwe. Ofukula zakale amapeza zambiri m'mapanga chifukwa n'kumene zinapulumukira, basi dzina n'kuwakanirira anthuwo.

Umboni uli pafupi konkuno. Pa mathithi a Kalambo, m'malire a Zambia ndi Tanzania, akatswiri anafukula zipika ziwiri zopingasana, chapamwamba chitasemedwa kuti chikhazikike bwino pa chinzake. Mu 2023 analengeza kuti zipikazo zatha zaka 476,000. Matope onyowa ndiwo anaziteteza kuti zisaole. Padziko lonse sipanapezeke chomangidwa ndi mitengo chakale kuposa chimenechi, ndipo mmisiri wake anakhalako anthu a mtundu wathu uno asanaoneke n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti zilombo zikuluzikulu zija zotchedwa dinosaur palibe munthu anazionapo zamoyo? Zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Malawisaurus, dinosaur wa ku Karonga uja, anafa kale kwambiri kuposa pamenepo.

Kodi mumadziwa kuti Neanderthal ndi dzina la chigwa? Mu 1856 anthu okumba miyala ya laimu m'chigwa cha Neander, kufupi ndi Düsseldorf ku Germany, anapeza denga la chigaza ndi mafupa ena m'kaphanga. Iwo ankayesa ndi mafupa a chimbalangondo. Ophunzira anakangana kwa zaka. Wina anati ndi munthu wamba wopunduka ndi matenda a mafupa. Wina anati ndi msilikali wa ku Russia wa pa hatchi amene anakwawira m'phangamo atavulala pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon. Mu 1864 m'pamene William King ananena kuti uwu ndi mtundu wina wa anthu, n'kuupatsa dzina loti Homo neanderthalensis.

Nanga msana wopindika uja unachokera kuti? Kwa nkhalamba imodzi yokha. Mu 1908 ku La Chapelle-aux-Saints ku France kunapezeka mafupa a mwamuna wachikulire. Marcellin Boule anawalumikiza n'kutulutsa chithunzi cha munthu wowerama, wopinda mawondo, wa nkhope yachilombo, ndipo dziko linachikhulupirira. Mu 1957 akatswiri ena awiri atawaunikanso mafupawo anaona kuti mkuluyo anali ndi nyamakazi yoopsa ya msana, mano ambiri atatha m'kamwa. Anzake ankayenda chilili ngati inu ndi ine. Ubongo wawo unali waukulu ngati wathu, wa ena kuposa wathu.

Imene imandigwira mtima ine ndi ya m'phanga la Shanidar, kumpoto kwa Iraq. Mu 1957 gulu la Ralph Solecki linafukula mafupa a mwamuna wa Chineanderthal amene thupi lake linaona zokhoma. Mkono wakumanja unali wopuwala ndi woduka chakuchigongono. Fupa la pa diso lakumanzere linaphwanyikapo, mwina disolo silinkaona. Ankayenda motsimphina, ndipo m'makutu munamera tizifupa tomutsekereza kumva. Koma mabala onsewo anali opola kalekale, ndipo anafika zaka za m'ma 40, msinkhu wa nkhalamba pa nthawiyo. Munthu wotere sakanatha kuthamangitsa mbuzi zam'mapiri. Payenera kuti panali wina womugawira nyama, wina womudikira panjira akatsalira m'mbuyo. Kwathu kuno zimenezo timazitcha umunthu.

Anali amisirinso. M'phanga la Bruniquel ku France, mamita oposa 300 kuchokera pakhomo, mumdima wa ndiweyani, anathyola miyala yosongoka yomera pansi pafupifupi 400, n'kuisanja mozungulira, n'kusonkhapo moto. Papita zaka 176,000. Kwina ankatentha makungwa a mtengo wa birch kuti apeze phula lomatira mwala wakuthwa ku mpini.

Kodi mumadziwa kuti anthu a Chineanderthal sanathe psiti? Mafupa awo amasiya kuoneka zaka pafupifupi 40,000 zapitazo, koma mu 2010 gulu la Svante Pääbo ku Leipzig linawerenga DNA yochokera m'mafupa a m'phanga la Vindija ku Croatia, ndipo linapeza kuti anthu a lero a ku Ulaya ndi ku Asia ali ndi kachigawo kake m'thupi, pafupifupi 2 peresenti. Tanthauzo lake n'losabisika: anthu a mtundu wathu atatuluka mu Africa anakumana ndi eni dera, anakwatirana nawo, anabereka ana, anawo n'kuleredwa. Pääbo analandira mphoto ya Nobel mu 2022 chifukwa cha ntchitoyi.

Pamenepa ena amafuna kubweza chipongwe, kuti kani azungu ndiye anthu a m'mapanga! Ayi, tisatero. Choyamba, mu 2020 akatswiri a ku Princeton anapeza kuti ifenso Aafirika tili nako kachigawo ka Chineanderthal, pafupifupi 0.3 peresenti, kamene kanabwera ndi anthu obwerera mu Africa kalekale. Chachiwiri, kukhala mdzukulu wa anthu amene anasamala wolumala wa ku Shanidar uja si chinthu chochititsa manyazi.

Cholowa chimenechi chili ndi zokoma ndi zowawa zomwe. Nthawi ya Covid-19 kunapezeka kuti kachidutswa kena ka DNA kochititsa munthu kudwalika kwambiri ndi matendawa kanachokera kwa a Neanderthal. Ali nako ndi anthu 16 pa 100 alionse ku Ulaya ndi theka la anthu a kum'mwera kwa Asia, pamene mu Africa sikapezekapezeka.

Kodi mumadziwa kuti mtundu wathunthu wa anthu unadziwika chifukwa cha kafupa ka chala chakaniye, kochepa ngati njere ya nyemba? Kanapezeka mu 2008 m'phanga la Denisova, m'mapiri a Altai ku Siberia. DNA yake itawerengedwa mu 2010 sinafanane ndi yathu kapena ya a Neanderthal. Anthuwo anangowatcha a Denisova. Zidzukulu zawo zilipo: anthu a ku Papua New Guinea ndi eni nthaka a ku Australia ali ndi 3 mpaka 5 peresenti ya DNA imeneyi. Anthu a ku Tibet, amene amakhala ndi kugwira ntchito pamwamba pa mapiri otalika kuposa Sapitwa popanda kubanika, kachidutswa kowathandiza kutero anakatengera kwa a Denisova omwewo.

M'phanga lomwelo munapezekanso kafupa ka mtsikana wa zaka pafupifupi 13 amene anakhalako zaka 90,000 zapitazo. Mu 2018 zinadziwika kuti mayi ake anali a Chineanderthal, bambo ake a Chidenisova. Kukwatirana ndi obwera sikunayambe dzulo.

Kodi mumadziwa kuti bodza lina linakhala m'mabuku a sayansi zaka 41 chifukwa linkakomera eni mabukuwo? Charles Darwin anali atalemba kale mu 1871 kuti gwero la anthu liyenera kukhala mu Africa, koma ambiri ku Ulaya sanafune kumva zimenezo. Mu 1912 Charles Dawson anaonetsa chigaza chimene anati wachipeza ku Piltdown ku England, chokhala ndi ubongo waukulu ndi nsagwada ngati ya nyani. Anthu anasangalala kuti munthu woyamba wanzeru anali Mngelezi. Choncho mu 1925, Raymond Dart wa ku Johannesburg atalengeza za chigaza cha mwana chopezeka pa mgodi wa laimu ku Taung, cha zaka zoposa 2 miliyoni, akuluakulu a ku London anachikankhira kumbali n'kumati ndi kamwana ka nyani. Mu 1953 chinsinsi chinaululika. Chigaza cha Piltdown chinali cha munthu wamba, nsagwadayo ya nyani wotchedwa orangutan, mano atapalidwa ndi tupa, zonse zitapakidwa mankhwala kuti zioneke zakale. Mwana wa ku Taung ndiye anali weniweni.

Lero palibenso wokangana ndi zoti gwero la anthu lili mu Africa. Mafupa akale kwambiri a mtundu wathu, Homo sapiens, ali mu Africa: ku Jebel Irhoud ku Morocco, a zaka pafupifupi 300,000, ndi ku Omo Kibish ku Ethiopia, a zaka zoposa 200,000. Anthu onse a kunja kwa Africa, Mchaina, Mmwenye, Mzungu, makolo awo ambiri ndi kagulu kamene kanatuluka muno zaka 50,000 mpaka 70,000 zapitazo.

Kodi mumadziwa kuti Malawi ali m'nkhaniyi? Mu 1991 pa Uraha, kum'mwera kwa boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linatola nsagwada ya m'munsi ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ndi ya mtundu wa Homo rudolfensis, ndipo ili m'gulu la zotsala zakale kwambiri za banja lonse la Homo. Mukafika ku Karonga, lowani m'nyumba yosungira zakale imene inatsegulidwa mu 2004 mukaimve bwino mbiri yake.

Nayo Zambia ili ndi chake, ngakhale sichili m'manja mwake. Pa 17 June 1921, mu mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anthu awiri anatulutsa chigaza chathunthu cha zikope zochindikala. Mmodzi anali Tom Zwiglaar wa ku Switzerland, ndipo dzina lake lili m'mabuku onse. Mnzake anali munthu wakuda, ndipo dzina lake palibe anavutika kulilemba. Chigazacho, chimene mu 2020 anachiyeza n'kupeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000, chili ndi mano khumi obooka, umboni woti dzino linayamba kalekale kusautsa anthu. Phangalo linagumulidwa ndi okumba mgodi. Chigaza chinapita ku London chaka chomwecho, ndipo chidakali ku Natural History Museum. Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere. Mwana wasukulu wa ku Kabwe amaona chofanizira chabe, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa pali mlandu wosatha.

Kodi mumadziwa kuti anthu anayamba kuyala pogona zaka 200,000 zapitazo? M'phanga la Border Cave, m'malire a South Africa ndi Eswatini, ankayala udzu pamwamba pa phulusa. Aliyense amene anaonapo agogo akuwaza phulusa kuti linthumbu lisalowe m'nyumba akudziwa chifukwa chake. Ku Sibudu, kufupi ndi Durban, zaka 77,000 zapitazo ankaika pamwamba pa udzuwo masamba onunkhira othamangitsa udzudzu, ndipo pogonapo pakakalamba ankapatentha n'kuyala pena.

Moto ndiye wakale koposa. M'kati mwa phanga la Wonderwerk ku South Africa muli phulusa ndi mafupa opserera a zaka 1 miliyoni.

Ku Mozambique, m'chigawo cha Niassa tsidya la nyanja yathuyi, muli phanga la Ngalue. Mu 2009 Julio Mercader analengeza kuti pa zida zamiyala za zaka zoposa 100,000 anapezapo tizotsalira ta mapira akutchire. Mapira omwewa a thobwa.

Nanga zodzikongoletsa? M'phanga la Blombos, m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Cape Town, munapezeka zigoba ziwiri za nkhono zam'nyanja zosakaniziramo utoto wofiira, makala ndi mafupa osinja, zonse za zaka 100,000. Munalinso mikanda ya tizigoba toboola ya zaka pafupifupi 75,000. Munthu wovala mkanda ndiye kuti akuganizira za mmene anzake akumuonera.

Kodi mumadziwa kuti zojambula zotchuka za m'phanga la Altamira ku Spain anayamba kuziona ndi mwana? Mu 1879 Maria, wa zaka 8, anakweza maso kudenga bambo ake, Marcelino Sanz de Sautuola, ali kalikiliki kukumba pansi, n'kuona njati zofiira. Akatswiri anati bamboyo wachita kulemba ganyu wojambula, poti "anthu osatukuka" sakanatha luso lotere. Anamwalira mu 1888 akutchedwa wachinyengo, ndipo kupepesa kunabwera mu 1902. Lero tikudziwanso kuti luso la m'mapanga silinali la ku Ulaya kokha. Pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia pali chithunzi cha nguluwe ndi anthu cha zaka zosachepera 51,200.

Kodi mumadziwa kuti sayansi sinena kuti munthu anabadwa kwa nyani, uja wotithyolera chimanga kumunda? Chimene imanena n'choti anthu ndi anyani akuluakulu otchedwa chimpanzee anali ndi kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenako aliyense n'kulowera kwake. Ndipo ikatero imanena za anthu onse mofanana, wa ku Oslo ndi wa ku Ntcheu. Palibe mtundu wa anthu a lero umene uli pafupi ndi nyani kuposa unzake. Ndikudziwa kuti nkhaniyi imawawa, poti mawu oti nyani akhala chitonzo chotiponyera ife, mpaka m'mabwalo a mpira a ku Ulaya. Mkwiyowo ngwomveka, koma upite kwa otonzawo, osati kwa mafupa. Owerenga Baibulo, owerenga Korani, ndi agogo osimba za mapazi a anthu oyamba pathanthwe la Kaphirintiwa amasiyana ndi asayansi pa zambiri, koma pa mfundo yoti anthu onse gwero lawo ndi limodzi onse ali mbali imodzi.

Kodi mumadziwa kuti Mngelezi wa zaka 10,000 zapitazo anali wakhungu lakuda? Mafupa ake anapezeka mu 1903 m'phanga la Gough ku Somerset, ndipo amatchedwa Cheddar Man. Mu 2018 DNA yake inaonetsa kuti ayenera kuti anali wakhungu loderapo kwambiri, tsitsi lakuda lopotanapotana, koma maso abuluu. Alenje anzake a ku Spain a nthawi imeneyo anali otero. Khungu loyera mbee linafala ku Ulaya m'zaka zosakwana 10,000 zapitazi, dzulodzulo lomweli tikayerekeza ndi zaka 300,000 za mtundu wathu.

Mwini nkhani ndi dzuwa. Kumene limaswa mtengo, khungu lakuda limateteza thupi, makamaka michere ina m'magazi yofunika kwa mayi woyembekezera. Kumene dzuwa ndi lofooka, khungu loyera limalola kuwala kulowa kuti thupi lipange vitamini D wolimbitsa mafupa. N'chifukwa chake anthu a ku Papua New Guinea ndi akuda bii ngati ife, chonsecho pa DNA ali pafupi ndi anthu a ku Asia kuposa ndi ife. Khungu limanena za dzuwa limene linawomba makolo, silinena za chibale.

Kwathu konkuno tili ndi umboni woyenda ndi miyendo. Mwana wachialubino amabadwa woyera kuposa Mzungu, koma ndi mwana wa bambo ake ndi mayi ake, Mchewa kapena Mlomwe wathunthu. Chasintha ndi kachidutswa kamodzi ka DNA koyang'anira utoto wa khungu, tsitsi ndi maso. Mafupa ake ndi mafupa wamba ngati anga ndi anu. Mulibe chuma, mulibe chizimba.

Kodi mumadziwa kuti kugawa anthu m'magulu a khungu kuli ndi eni ake odziwika mayina? Carl Linnaeus wa ku Sweden anagawa anthu panayi mu 1735. Johann Blumenbach wa ku Germany anati magulu ndi asanu, ndipo mu 1795 anatcha azungu "Caucasian" chifukwa chigaza chimene iye ankachiona chokongola koposa m'kabati yake chinali cha mkazi wa ku Georgia, kumapiri a Caucasus. Tinene chilungamo, Blumenbach mwiniwake ankatsutsa zoti anthu akuda ndi operewera nzeru. Koma amene anabwera pambuyo pake anasandutsa magulu aja makwerero. Ku Philadelphia, Samuel Morton anasonkhanitsa zigaza mazanamazana, n'kumathiramo njere, kenako tizipolopolo tamtovu, kuti ayeze kukula kwa ubongo. Zotsatira zake eni akapolo anazilandira ndi manja awiri.

Zimenezi sizinathere m'mabuku. Sarah Baartman, mayi wa Chikhoikhoi, ankamuonetsa ngati chinyama ku London ndi ku Paris. Atamwalira mu 1815, mafupa ake anaikidwa poonekera m'nyumba yosungira zakale ku Paris mpaka m'ma 1970, ndipo anakaikidwa m'manda kwawo mu 2002. Ota Benga wa ku Congo anamuika m'khola la anyani ku Bronx Zoo ku New York mu 1906. Ku South Africa, lamulo la 1950 lolemba anthu m'kaundula potengera khungu linafika poti akalaliki ankasomeka pensulo m'tsitsi la munthu: ikagwa ndiwe mzungu, ikakanirira si iwe mzungu. Sandra Laing, wobadwa mu 1955 kwa makolo awiri achizungu, anachotsedwa pa sukulu ya azungu ali ndi zaka 10 chifukwa anabadwa woderapo. Gulu limene limasiyanitsa mwana ndi mayi womubereka si gulu lachilengedwe.

Kodi mumadziwa kuti anthu awiri alionse padziko amafanana DNA pafupifupi 99.9 peresenti? Ndipo mu 1972 Richard Lewontin anaonetsa kuti pa kusiyana kochepa kotsalako, pafupifupi 85 peresenti imapezeka pakati pa anthu a mtundu umodzi, osati pakati pa mtundu ndi mtundu. Kusiyana kwakukulu kuli mu Africa, poti n'kumene anthu akhalitsa. Mu 2010 akatswiri anawerenga DNA ya madoda anayi a Chisan a ku Namibia pamodzi ndi ya Desmond Tutu. Anapeza kuti madoda awiri a Chisan angathe kusiyana kwambiri kuposa mmene Mzungu amasiyanirana ndi munthu wa ku Asia. Tutu, amene ankadziwika ngati wa makolo a Chixhosa ndi Chitswana, anapezeka kuti mzere wa kuchikazi kwake ndi wa Chisan.

Tawerengani nokha. Makolo anu ndi 2, agogo 4, makolo a agogo 8. Mukabwerera mibadwo 30, zaka pafupifupi 800, nambala imapitirira 1 biliyoni. Koma nthawi imeneyo dziko lonse linalibe ngakhale theka la biliyoni. Ndiye kuti agogo amodzimodzi akubwerezedwa kambirimbiri m'mbiri ya banja lanu, ndipo ndi omwewo ali m'mbiri ya mnansi wanu. Chisuweni n'chachikulu kuposa mmene timaganizira.

Kodi mumadziwa kuti m'thupi muli DNA yotsata chikamwini? Pali kachigawo kena kamene munthu amalandira kwa mayi yekha. Mwana wamwamuna amakhala nako koma sakapatsira ana ake. Kamayenda ndi mbumba, monga mmene Achewa amawerengera bele. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson anakatsatira chobwerera m'mbuyo, ndipo mizere ya anthu onse inakakumana kwa mayi mmodzi wa mu Africa amene anakhalako zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sanali mkazi yekhayo pa nthawiyo ayi. Kungoti bele lake ndi limene silinaduke.

Ngakhale mitundu yathu imene timainyadirayi ndi mitsinje yolandira timifuleni. Angoni a Zwangendaba powoloka Zambezi mu 1835 anali atatola kale anthu a mitundu ina m'njira, ndipo anapitiriza kutola Asenga, Achewa ndi Atumbuka. Zilankhulo zathu zonsezi, Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, mizu yake ili kumalire a Nigeria ndi Cameroon, ndipo alimi ozilankhula anafika kuno zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Ndipo anapeza anthu. Kodi mumadziwa kuti Akafula si nthano chabe? Agogo amasimba za tianthu tatifupi tokhala m'mapanga, taukali, tokonda kufunsa kuti "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, wauputa mkwiyo, ukati ndakuonerani patali uko, wapulumuka. Tikamaisimba timaseka. Koma taonani mmene tawachitira anthu amenewa: tawachepetsa msinkhu, tawasandutsa choseketsa ana, monga momwe Boule anachitira ndi nkhalamba ya ku France ija.

Anali anthu enieni, alenje ndi otola zipatso amene anakhala m'dziko lino zaka zikwizikwi khasu lisanafike. Mafupa awo apezeka pa phiri la Hora ku Mzimba, pamene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho, pa Fingira ku Nyika, ndi pa Chencherere ku Dedza. Mu 2017 akatswiri anawerenga DNA ya asanu ndi awiri mwa iwo, wakale kwambiri wa zaka 8,100, waposachedwa wa zaka 2,500. Chibale chawo chachikulu chinali ndi Asan a kum'mwera kwa Africa, china ndi alenje a kum'mawa monga Ahadza a ku Tanzania. Atayerekeza ndi Amalawi a lero amene anayezedwa, sanapeze pafupifupi chilichonse cha anthu amenewa. A Neanderthal anasiyako 2 peresenti mwa anthu a ku Ulaya. Eni nthaka oyamba a Malawi zikuoneka kuti sanasiye ngakhale imeneyo mwa ife.

Mu 2022 gulu lomwe muli Jessica Thompson wa ku Yale linalengeza za makanda awiri amene anaikidwa kunsi kwa thanthwe pa Hora, wina zaka pafupifupi 14,000 zapitazo, wina 16,000. DNA yawo ili m'gulu la yakale kwambiri ya anthu imene yawerengedwa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Chimene anatisiyira chili pamiyala. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zoyera, zojambulidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, ndi za Achewa: zina za kuchinamwali, zina za zilombo za gule wamkulu. Zofiira, za mizere, madontho ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo m'malo ena zoyerazo zinapakidwa pamwamba pake. Mukakwera ku Mphunzi kapena ku Chencherere, lozani zofiirazo mufunse akuluakulu a m'midzi yapafupi kuti anajambula ndani. Adzakuuzani kuti ndi Akafula.